Mikukwe ya ku Iowa

"Gwira m'munsimo, usakhudze penti," anatero Zahida, ndipo tinachitulutsa chithunzicho m'bokosi pang'onopang'ono ngati tikutsitsa wodwala pa machira. Titachitsamiritsa kukhoma, iye anayatsa getsi lalikulu, n'kubwerera m'mbuyo, manja ali pachifuwa.

"Tachiona, Rachael! Tangochiona!"

Zahida anali bwana wanga, mkulu wa zionetsero m'kanyumba kosungiramo zakale komwe ndinkagwirako ntchito mu Leicester. Chithunzicho chinali chitangobwera kumene kuchokera ku Nottingham, komwe katswiri wina anatha miyezi itatu akuchichotsa vanishi wakuda wa zaka zoposa zana. Ine ndinali ndisanachionepo ndi maso. Ndinkangodziwa zolembedwa m'kaundula wakale: chinajambulidwa ndi mkazi wa mlimi wina wa kufupi ndi Melton Mowbray, yemwe anasamukira ku Iowa, ku America, cha m'ma 1880, ndipo anachitumiza kwa abale ake kuno kuti aone komwe anakakhala. Pansi pake wina analemba ndi inki kuti: Msasa wa eni dziko pa chidikha. Ankanena anthu omwe ankakhala kumeneko azungu asanafike.

Mayiyo sanali katswiri, koma maso anali nawo. Thambo linatenga malo ambiri, lalikulu mochititsa mantha, lopanda phiri ngakhale limodzi loligwiriziza. Nthaka inali thyathyathya mpaka komwe maso amalekezera. Kumanzere kunali kanyumba koyera kamatabwa, khola lofiira, ngolo ya mahatchi, ndi mayi akuyanika zovala zomwe mphepo inkafuna kumulanda. Kumanja, chapatali ndithu, kunali tinthu tosongoka khumi ndi tiwiri, totambalala m'munsi, tokhala ndi timitengo totuluka pamwamba. Pakati pa tinthuto panali timadontho tofiirira.

"Mahema awo," anatero Zahida akuloza ndi pensulo. "Ndipo taona zomwe vanishi ankabisa! Moto! Akuphika, Rachael. Mbali ino mlendo wamanga khola, mbali iyo eni nthaka akuphika chakudya chawo pamalo omwe akulandidwa. Chionetsero chonse chaima pa kangodya aka."

Ine khosi linayamba kundiyabwa.

Kunali kuyabwa komwe ndinkakudziwa bwino, kwa masamba ouma a chimanga akakukwecha pakhosi uli thukuta kamukamu. Ndinayandikira, mphuno pafupi ndi penti. Tinthu tija tinaima m'mizere itatu yowongoka, motalikirana mofanana. Panalibe khomo. Panalibe utsi. Pansi ponse panali timizere tatifupi tachikasu, tondondozana, ngati ndevu za munthu amene wameta dzana.

Sanali mahema. Inali mikukwe. Chimanga chodula, choimika pamodzi kuti chiume, ngaiyaye zili m'mwamba. Ndipo moto wa Zahida uja unali maungu.

Ndinafuna kuseka, ndinafuna kukuwa, ndinafuna kuimbira foni mayi anga nthawi yomweyo kuti, amayi, ku America nakonso ankamanga mikukwe! M'malo mwake ndinati, "N'chokongola kwambiri."

Zahida analankhula za motowo kwa mphindi makumi awiri. Ine ndinkangogwedeza mutu n'kumalemba. Kontirakiti yanga inali ya miyezi isanu ndi umodzi, yotha mu Disembala, ndipo viza yanga inkatha mu Malichi. Malo a ntchito yokhazikika analipo amodzi okha, woti asankhe munthu wake anali Zahida yemweyo. Mawu opachika pakhoma pambali pa chithunzicho ankayenera kupita kokapirinta Lachisanu masana, ndipo pansi pa mawuwo panali mayina awiri: lake ndi langa. Tsikulo linali Lachiwiri.

Panalinso kena. Tsiku langa loyamba pantchito atandifunsa kwathu, ndinayankha kuti ku Lilongwe, kulikulu. Silinali bodza lenileni, chifukwa ndege ndinakwereradi ku Lilongwe. Koma kwathu ndi ku Santhe, ku Kasungu, ndipo kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, Meyi aliyense ankandipeza ndikukoka mapesi. Madigiri awiri ndinawavutikira kuti munthu asadzandionenso ndili ndi chikwanje m'manja.

Lachitatu nditaweruka ndinakwera basi ya ku Evington. Malume anga a Gracian, mlongo wawo wa mayi, akhala mu Leicester zaka makumi awiri akusamalira okalamba, koma moyo wawo weniweni uli pa kamunda ka lendi komwe kuno amati alotimenti. Anzawo oyandikana nawo amabzala maluwa ndi kabichi. Iwo amabzala chimanga choyera, mbewu yake amakaitenga kwa mnzawo wa ku Zimbabwe ku Hyson Green, ku Nottingham, ndipo m'mizere amaponyamo maungu kuti akazi awo, azakhali a Rose, asasowe nkhwani. Unali mwezi wa Okutobala, chimanga chomwe anasiya kuti chikhwime chinali chitayamba kufota masamba.

"Nambewe!" anakuwa atandiona pageti. "Nsapato za ku ofesi kumunda? Ukufuna nkhono za ku England zikuseke?"

"Mwaswera bwanji, malume?"

"Ndaswera, kaya iwe bwana wa zithunzi. Azakhali ako akuti unawabuloka pa foni."

"Sindinawabuloke, ndatanganidwa chabe. Taonani ichi."

Ndinawapatsa foni osanena kanthu. Anapukuta manja pa ovolosi, anatsitsa magalasi kuchoka pamphumi, n'kuikankhira foniyo kutali ndi nkhope monga amachitira.

"Ha! Ndi kuti kuno? Ku Mchinji? Ayi, khola ili si la kwathu." Anakulitsa chithunzicho ndi zala. "Koma mwini munda uyu si waulesi. Taona mikukwe yakeyo, yaima ngati asilikali. Ndipo maungu wawasiya m'munda kuti akhwime bwino. Munthu wolongosoka uyu."

Ndinalumpha. Ndinalumphadi, ndi nsapato za ku ofesi zomwezo, matope mpaka m'masokosi.

"Ndimadziwa! Ndimadziwa ine!"

"Nanga ukudumphiranji ngati wapeza mwamuna?"

"Abwana akuti ndi mahema. Akuti mukukhala anthu, ndipo maunguwo ndi moto."

Malume anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mahema a ndani? A mbewa?"

Anaseka mpaka kukhosomola, anachita kugwira mpanda. Mzungu wina wokalamba yemwe ankathirira maluwa chapafupi anatembenuka, malume n'kumukwezera dzanja.

"Abwana akowo anaphunzira?"

"Kwambiri. Ndi dokotala wa mbiri ya zojambula. Koma anabadwira ku Belgrave, mu Leicester mommuno, bambo awo amagulitsa ndolo ndi mphete. Chimanga amachidziwa cha m'chitini."

"Ndiye wawauza?"

Ndinapukusa mutu. Kuseka kwawo kunatha.

"Malume, miyezi isanu ndi itatu akhala akukonza chionetserochi. Chonse chatsamira pa mahema amenewa. Ndikawagwetsera, mukuganiza kuti ntchito ija andipatsa? Malichi sali kutali."

"Dzina lako lilipo pakhomapo?"

"Lilipo."

"Mbewe?"

"Eya."

"Ndiye tsiku lina adzalowa munthu wa ku Chipata, kaya wa ku Dedza, ali ndi ana ake. Adzawerenga, adzayang'ana chithunzi, adzagwa nako kuseka ngati ine. Kenako adzafunsa kuti, kodi Mbewe ameneyu anakulira kuti?" Anandibwezera foni. "Usawauze ndi pakamwa. Anthu a mabuku pakamwa sakhulupirira. Bwera nawo kuno mawa m'mawa, ndiwamangire umodzi aone okha."

Ndili m'basi pobwerera ndinalemba uthenga, n'kuufufuta, n'kuulembanso kanayi. Womwe ndinatumiza unali wakuti: Ndapeza kanthu kokhudza chithunzi chija. Sikangalowe mu imelo. Tikumane ku Evington 8 koloko, muvale nsapato zakale.

Anayankha ndi chizindikiro chofunsa chokha. Kenako: Chabwino.

Lachinayi ndinafika pageti nthawi isanakwane. Kunali nkhungu, udzu uli chonyowa. Malume kunalibe. Foni inalira.

"Nambewe, pepa. Mnzanga wadwala, andikola kuti ndikagwire shifiti yake ya m'mawa. Ndili kale pa basi."

"Malume! Abwana ali m'njira!"

"Kiyi wa kanyumba ka zipangizo ali pansi pa ndowa yobooka. Chikwanje chili kuseri kwa chitseko, ndanola dzulo. Chingwe chili pa msomali."

"Ine sindinagwire chikwanje zaka zisanu ndi zitatu!"

"Ndiye chakusowa. Usiye mapesi anayi apakati osadula, wamva? Basi ikulowa poipa, netiweki ikuduka."

Mu Leicester mulibe malo omwe netiweki imaduka. Mpaka lero sindinawafunse ngati mnzawoyo anadwaladi.

Zahida anatsika m'galimoto atavala nsapato zoyera, kapu ya khofi ili m'manja. Anayang'ana matope, anayang'ana ine, anayang'ana chikwanje.

"Rachael, ndili ndi miting'i 10 koloko. Ndiuze kuti sunandiitanire kudzandipha."

"Ndipatseni theka la ola. Muime pomwepo."

Ndinavula jekete n'kuipachika pampanda. Ndinalowa pakati pa munda, ndinasankha mapesi anayi olimba, awiri mzere uno, awiri mzere winawo, ndinawaweramitsa kuti akumane pamwamba, n'kuwamanga pamodzi. Amenewo ndiwo msana wa mkukwe, mizu yake imakhala ikadali m'nthaka kuti mphepo isaugwetse. Kenako ndinagwira phesi loyamba ndi dzanja lamanzere, chikwanje kumanja.

Khwaa!

Linaduka kamodzi, mopendekera, chapansi penipeni. Ndinadabwa ndekha. Lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Msana unapeza wokha poweramira. Mkono wamanzere unkasonkhanitsa mapesi mpaka atadzaza, ndikatero n'kupita nawo pa anayi aja, kuwaimika motsamira, matsinde kunja, ngaiyaye m'mwamba, mbali ino kenako mbali inayo kuti usalemere kumodzi. Masamba onyowa ankandimenya kumaso. Khosi linayabwa, tsopano moyenera. Ndinazindikira kuti ndikumwetulira ngati chitsiru, ndipo sindinathe kuleka. Ndinkamva fungo la mapesi odula kumene, lotsekemera pang'ono ngati la misale, ndinkamva mawu a mayi akuti tambalitsa m'munsimo iwe, ukufuna ugwe usanafike kunyumba? Bulauzi yanga ya ku ofesi inathera pomwepo.

Mizere inayi itatha, ndinazunguliza chingwe chapamwamba, ndinaponda ndi bondo, ndinakoka, n'kumanga. Ndinapita kumapeto kwa munda, ndinathyola maungu awiri ofiira, ndinawagubuduzira pambali pa mkukwewo. Pansi ponse panatsala zitsa zazifupi zachikasu, zondondozana m'mizere.

"Tsopano pitani kugeti uko," ndinatero ndikupuma mwabefu. "Mukafike kumpanda kwenikweni, mutembenuke, mutsegule chithunzi chija pa foni."

Ndikuganiza kuti anali ataona kale, chifukwa khofi uja anali atasiya kumwa. Anayenda mpaka kugeti, nsapato zoyera zija zikumira. Anatembenuka. Anakweza foni, anaitsitsa, anaikwezanso. M'nkhungu muja, patali pomwepo, mkukwe wanga unkaoneka ngati kanyumba kosongoka kokhala ndi timitengo pamwamba, timoto tiwiri tikuyaka pakhomo.

Anaima nthawi yaitali. Pobwerera ankayenda pang'onopang'ono.

"Chimatchedwa chiyani?"

"Kwathu timati mkukwe. Chimanga chimaumira momwemo mpaka tidzakolole."

"Unadziwa liti?"

"Lachiwiri. Getsi litangoyaka."

"Ndiye unandisiya ndikulankhula za moto mphindi makumi awiri?"

"Munkalankhula bwino kwambiri."

Sanaseke. Anatembenuza ndowa yobooka ija n'kukhalapo, chikhoto chake chodula chikukhudza matope. Anaphimba nkhope ndi manja.

"Miyezi isanu ndi itatu," anatero. "Ndalembera anthu a ku America. Ndaitana atolankhani. Maungu, Rachael. Maungu!"

Ndinaima ndi chikwanje m'manja, osadziwa pochiika. Chisangalalo chonse chija chinatsikira kumapazi. M'mutu ndinayamba kulongedza sutikesi: mabuku ndisiyira azakhali, majekete ndigawa kutchalitchi, ku Santhe sakafunika.

Kenako anachotsa manja kumaso. Ankayang'ana mkukwe, koma maso ake anali kwina.

"Ngati awa si mahema," anatero pang'onopang'ono, "ndiye kuti anthu aja m'chithunzimu mulibe."

"Mulibe."

"Ngakhale mmodzi. Mayi uja pofika anapeza atawachotsa kale. Anajambula chimanga, mbewu yomwe anthu omwewo ankalima, chitaima pamalo pomwe panali midzi yawo. Ndipo ife kuno zaka zonsezi takhala tikuwaona pomwe palibe." Anadzuka mofulumira moti ndowa inagwa. "Iyi ndiye nkhani! Iyi ndi yoposa ija! Foni yanga ili kuti?"

Inali m'manja mwake. Anaimbira opirinta kuti aimitse zonse mpaka Lolemba. Anaimbira ku ofesi kuti miting'i ichitike popanda iye. Ankayenda uku ndi uku pakati pa zitsa, akulankhula ndi dzanja limodzi m'mwamba, nsapato zija zitasanduka zofiirira. Atamaliza anandiloza.

"Mawu a pakhoma ulemba iwe, ine ndidzangowaona. Ufotokoze mmene amamangira, anayi apakati aja, zonse. Ndipo chinthu ichi ndikuchifuna m'holo, pambali pa chithunzi."

"Muli tizilombo umu. Anankafumbwe adzadya nyumba yonse."

"Tichiika mufiriji yaikulu masabata awiri." Anaima, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu kofika kumapazi, bulauzi yothimbirira, mikono yokalikakalika. "Ku Lilongwe amaphunzitsa zimenezi?"

"Si ku Lilongwe. Ndi ku Santhe."

"Undilembere kalembedwe kake."

Chionetsero chinatsegulidwa Loweruka lina masana, kumapeto kwa Novembala. M'mawa wa tsikulo Zahida anandidutsa pakhonde atanyamula mabokosi, n'kunena osaima kuti, "Mapepala a ntchito ija ali pa desiki yako, usaine lisanafike Lolemba." Ndinalowa m'chimbudzi, ndinatseka chitseko, ndinavina pang'ono mopanda phokoso, n'kutuluka nkhope ili bwinobwino.

Mkukwe ndinaumanganso ndekha m'holo, pa thabwa loyera, mapesi atatuluka mufiriji. Popeza munalibe nthaka yogwira anayi apakati aja, tinaikamo chitsulo chobisika. Anauzunguliza chingwe chofiira chotchinga anthu, ndi kachipangizo kolira munthu akadutsa malire. Pakhoma, pansi pa mawu, panalembedwa kuti: Rachael Mbewe, wa ku Santhe, Kasungu.

Malume anabwera atavala suti ya ukwati, azakhali a Rose ali pambali ndi chitenje chatsopano, ndipo kumbuyo kwawo kunali pafupifupi theka la kwaya ya kutchalitchi kwathu. Anamwino awiri anachita kusinthitsa mashifiti. Sindinaonepo Amalawi ochuluka chotero m'nyumba yosungiramo zakale, onse ataunjikana pa ngodya imodzi ya chithunzi chimodzi, akutsutsana.

"Chimanga ichi ndi cha makolo, taonani kutalika."

"Inu, feteleza analiko nthawi imeneyo?"

"Koma dziko lopanda ndi chulu chomwe, mbuzi amazimangirira pati?"

Malume anawerenga mawu a pakhoma mpaka pansi, milomo ikuyenda. Atafika pa dzina anachotsa magalasi, anawapukuta ndi tayi, n'kuwavalanso. Sanandiyang'ane. Anayang'ana chithunzi, kenako mkukwe wanga, kenako chithunzinso.

"Nambewe," ananong'ona, "mayi wa ku America uja wakuposa. Wakowu wamasuka m'chiuno."

"Malume, chonde. Abwana ayamba kulankhula."

Zahida anali ataima kutsogolo ndi maikolofoni, akuthokoza alendo olemekezeka. Ali pakati pofotokoza za eni dziko omwe m'chithunzimo mulibe, ndinaona mwendo wa suti ukudutsa pamwamba pa chingwe chofiira. Kachipangizo kanalira. Anthu onse anatembenuka. Malume anali ataponda kale mkukwe ndi bondo, chingwe cha mkukwewo chili m'manja, akukoka ndi mphamvu zawo zonse, ndipo kwaya yonse inkawalimbikitsa kuti kokani, kokani, a Gracian!

Mkukwe unagwedezeka, n'kuima chilili kuposa kale. Chimanga chimodzi chodzaza bwino chinapulumuka m'makoko, chinagwa pansi, chinagubuduzika pa simenti yopolishidwa, kudutsa nsapato za alendo olemekezeka, mpaka chinadzagunda nsapato yanga.

Ndinachitola. Holo yonse ikundiyang'ana, kachipangizo kakulirabe, chala changa chachikulu chinali chitatong'ola kale njere imodzi. Ndinaiponya m'kamwa n'kuiluma ndi mano akutsogolo.

"Chauma?" anafunsa malume ali kuseri kwa chingwe.

"Chikadali chachiwisi," ndinayankha. "Chisiyeni pa mkukwe."